Mmene Mungakaonere Nyumba ya Alendo a Boma ya Akasaka ku Tokyo

Kwathu kuno nyumba ya boma timaionera patali. Ukafika cha ku Sanjika kapena ku Kamuzu Palace umangoona geti ndi asilikali, basi n'kupitiriza ulendo wako. N'chifukwa chake anzathu ambiri opita ku Tokyo, kaya pa maphunziro a JICA, ku msonkhano kapena pa geni ya magalimoto, saganizako n'komwe zoti nyumba imene boma la Japan limagonekamo mafumu ndi mapulezidenti munthu wamba angalowemo. Komatu imaloweka. Ndi ndalama yongofanana ndi ya nkhomaliro mumzindawo, mukhoza kuponda m'zipinda momwe atsogoleri a mayiko olemera a gulu la G7 anakumaniramo mu 1979, 1986 ndi 1993.

Eni ake amaitchula kuti Geihinkan Akasaka Rikyu, ndipo pa zikwangwani za Chingerezi amalemba kuti State Guest House, Akasaka Palace. Mfundo yoti muigwiritse musanapite patali ndi iyi: nyumbayi ikadali pa ntchito. Si malo osungirako zinthu zakale amene amatsegula tsiku lililonse kudikira odzaona. Mlendo wa boma akabwera, chipata amatseka, ndipo ife a matikiti timayamba tadikira.

Choyamba: yang'anani kalendala musanayang'ane mapu

Kuyambira mu Epulo 2016, nyumbayi imatsegulidwa kwa anthu chaka chonse, pamene kale ankangotsegula masiku owerengeka m'nyengo yotentha. Nthawi yake ndi 10 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, koma olowa m'nyumba yaikulu amasiya kuwalandira 4 koloko. Lachitatu ndi tsiku lotseka. Kupatula apo pali masiku amene amatseka chifukwa cha alendo a boma kapena ntchito yokonza, ndipo masiku amenewa satsata ndondomeko yoti mungailoweze pamtima.

Kalendala yake ili pa webusaiti ya nyumbayi, yomwe ili pansi pa Cabinet Office ya boma la Japan, ndipo ili ndi tsamba la Chingerezi. Iyang'aneni pokonza ulendo, muiyang'anenso usiku woti mawa mukupita. Sindikubwereza mwangozi. Akhoza kutseka mwadzidzidzi ngakhale kwa amene anasungitsa malo kale. Ngati muli ku Tokyo kwa sabata imodzi yokha, ikani ulendowu kumayambiriro kwa sabata yanu kuti zikakanika mukhale ndi tsiku lina. Munthu amene wausungira tsiku lomaliza, mawa lake akukwera ndege ku Narita, ameneyo akhoza kubwerako atangojambula mpanda.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Kuyambira mu Juni mpaka chapakati pa Julayi kumagwa mvula. Kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti kumatentha kwa chinyontho, kokuthetsa mphamvu ngati kwa ku Nsanje, ndipo bwalo lakutsogolo kwa nyumbayi ndi la miyala lopanda mthunzi. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi kuli tchuthi chimene amati Golden Week, anthu amakhala piringupiringu. Okutobala ndi Novembala ndiye miyezi yabwino. Pitani pakati pa sabata, m'mawa.

Chachiwiri: sankhani chimene mukufuna kukaona

Malowa ali patatu: nyumba yaikulu, mabwalo ake, ndi nyumba ina yaing'ono yomangidwa mwa Chijapani yotchedwa Yushintei. Tikiti ya nyumba yaikulu pamodzi ndi mabwalo ndi ma yen 1,500 kwa wamkulu, 1,000 kwa wophunzira wa ku yunivesite, 500 kwa wa ku sekondale, ndipo ana a ku pulayimale salipira. Mabwalo okha ndi ma yen 300. Mukafuna zonse zitatu ndi 2,000. Pakakhala chionetsero chapadera mitengo imakwerako, ndiye ioneninso pa webusaiti pomwepo. Ngati ndinu wophunzira tengani chiphaso cha kusukulu, pakamwa pokha sizitheka.

Nyumba yaikulu ndi mabwalo simufunika kusungitsa malo mukakhala nokha kapena muli ochepa. Mumangofika. Yushintei ndi ina: mumasungitsa malo pa intaneti pasadakhale, mumalowa pa nthawi imene mwapatsidwa, m'kagulu kotsogozedwa ndi wofotokoza, ndipo ana a ku pulayimale ndi ochepera pamenepo saloledwa. Posungitsa malopo onetsetsani kuti ulendo umene mwasankha ndi wa chilankhulo chiti, chifukwa yambiri imakhala ya Chijapani.

Langizo langa ndi lakuti musaumire 1,500 ija. Tikiti ya 300 ikupatsani zithunzi zokongola zoika pa Facebook, koma chimene chimadabwitsa pa nyumbayi chili mkati. Yushintei yonjezerani ngati muli ndi theka la tsiku lathunthu.

Chachitatu: chepetsani katundu

Chikwama chaching'ono chimakwana. Sutikesi isiyeni ku hotela kapena mu loka ya pa siteshoni. Mipeni, masizasi ndi chilichonse chakuthwa chisapezeke m'thumba. Kampeni komwe ena timakonda kumangirira ku makiyi kachotseni. Ndodo yojambulira selfie ndi miyendo yoimikira kamera zilibe ntchito kumeneku. Valani nsapato zoti muyende nazo bwino, popeza bwalo lakumbuyo ndi la timiyala ting'onoting'ono. Ngati mukupita ku Yushintei valani masokosi abwino, opanda chibowo chala chachikulu n'kumasuzumira, chifukwa kumeneko muvula nsapato anthu akuona. Tenganinso ma yen m'manja, kuphatikizapo achitsulo.

Chachinayi: tsikirani pa Yotsuya

Dzina la nyumbayi limasocheretsa. Ku Tokyo kuli masiteshoni otchedwa Akasaka ndi Akasaka-mitsuke, koma yapafupi ndi chipata cholowera ndi Yotsuya. Pa Yotsuya pamadutsa sitima za JR za njanji ya Chuo ndi ya Sobu, komanso zapansi panthaka za Marunouchi ndi Namboku. Mukachokera pa Tokyo Station, sitima yothamanga ya Chuo, ya mzere wa olenji, imaima pa Kanda, pa Ochanomizu, kenako Yotsuya, pafupifupi mphindi 10. Mukachokera ku Shinjuku pa sitima yothamanga yomweyo, ndi siteshoni yotsatira basi. Khadi la Suica kapena Pasmo limagwira pa njanji zonsezi. Za galimoto iwalani, malo oimikapo odzaona palibe.

Mukakwera JR tulukirani chipata cholembedwa kuti Akasaka Exit. Kuchokera pamenepo ndi kuyenda mphindi ngati 7. Posakhalitsa mudzaona kutsogolo kwanu geti lalikulu lachitsulo, loyera ndi lagolide, lokhala ndi chizindikiro cha duwa la chrysanthemum cha banja lachifumu pamwamba pake. Mtima udzakuuzani kuti mulunjike pomwepo. Musatero. Geti limenelo ndi la alendo a boma, ndipo kwa inu ndi lotulukira. Odzaona amalowera ku West Gate: mukayang'anizana ndi geti lalikulu, tsatani mpanda kudzanja lamanja mpaka mutapeza alonda ndi mzere wa anthu.

Kwa Akatolika, tchalitchi cha St. Ignatius chili pafupi penipeni ndi siteshoni, moyandikana ndi Sophia University, ndipo Lamulungu kumakhala Misa ya Chingerezi. Zinthu ziwirizi zimatheka tsiku limodzi.

Chachisanu: chipikisheni, tikiti, chimbudzi, m'ndondomeko yomweyo

Mukangolowa mufikira pa chipikisheni chonga cha pa bwalo la ndege: chikwama chidutsa m'makina, inu mudutsa pa chitseko chofufuza zitsulo. Ngati mwanyamula botolo lamadzi lotsegula kale, akhoza kukupemphani kuti mumweko pang'ono iwo akuona. Musakhumudwe, amatero ndi aliyense. Mukadutsa apo ndiye mumagula tikiti pa makina.

Pomwepo pamabwerekedwa kachipangizo ka m'khutu kofotokoza chipinda chilichonse, pa ma yen 200, ndipo Chingerezi chilipo. Katengeni. Zinthu zambiri za m'nyumbayi zili kudenga ndi pamwamba pa makoma, ndipo popanda wokuuzani kuti "kwezani maso kumanzere" mudzazidutsa.

Kenako pitani kuchimbudzi, ngakhale musakumva kufuna. Zimbudzi za odzaona zili panja pafupi ndi polowera, ndipo mkati mwa nyumba njira ndi imodzi yopita kutsogolo.

Chachisanu ndi chimodzi: mkati, foni m'thumba

Kujambula mkati n'koletsedwa, ndipo alonda aima pa ngodya iliyonse. Foni ikhale m'thumba. Makoma, makatani ndi mipando musakhudze, ngakhale kutsamira. Anthu ena lamuloli limawawawa, koma ine ndimaliyamikira: m'zipinda mumakhala bata, palibe wokutchingira akufuna chithunzi, ndipo umakakamizika kupenya ndi maso ako.

Kuti mudziwe chimene mukuyang'ana, imvani pang'ono chifukwa chake nyumba yooneka ngati ya ku France inamangidwa pakati pa Tokyo. Malowa kale anali a banja la Tokugawa la ku Kishu. Ulamuliro wa akuluakulu a nkhondo otchedwa ma shogun utatha mu 1868, boma latsopano la Mfumu Meiji linkafuna kuonetsa mayiko a Azungu kuti Japan si dziko loti n'kuliderera. Ntchito yomanga inayamba mu 1899 n'kutha mu 1909, ndipo nyumbayi inali yoti azikhalamo Kalonga Yoshihito, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu Taisho. Wojambula mapulani anali Katayama Tokuma, mmodzi wa ophunzira oyambirira a Josiah Conder, katswiri wa ku Britain amene ankaphunzitsa za zomangamanga ku Tokyo. Inadya ma yen oposa 5 miliyoni a nthawi imeneyo. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti Mfumu Meiji itaona zithunzi zake inangoti nyumbayo yanyanya kuwononga chuma, ndipo kalongayo sanakhalemo n'komwe mokhazikika. Tangoganizani, zaka 10 za thukuta, yankho lake n'kukhala limenelo.

Ndiye pamene mukuyenda, sewerani masewera awa: m'chipinda chilichonse funafunani pamene Mjapani wabisala mkati mwa zovala za Mzungu. Ndondomeko ya zipinda imasinthasintha, ingotsatani zingwe, koma zikuluzikulu ndi zinayi.

Sairan-no-Ma ndi chipinda choyera ndi chagolide, cha magalasi akuluakulu, momwe amasainiramo mapangano. Dzina lake likuchokera ku mbalame ya m'nthano yotchedwa ran, yomwe yatambasula mapiko pamwamba pa magalasi. Kalembedwe ka zokongoletsa ndi ka nthawi ya Napoleon, koma yang'anitsitsani pakati pa zosemasema zagolidezo, mupeza msilikali wa samurai atavala zida zake.

Hagoromo-no-Ma inamangidwa kuti ikhale yovinira. Muli nyale zitatu zolendewera, zazikulu kuposa zonse m'nyumbayi, iliyonse yopangidwa ndi tizidutswa pafupifupi 7,000 ndipo yolemera makilogalamu ngati 800. Kumapeto kwake kuli kakhonde kam'mwamba kokhalamo oimba. Chithunzi cha kudenga chikuchokera pa sewero lakale la Noh lonena za mkazi wakumwamba ndi chovala chake cha nthenga, koma mkaziyo mukamufunafuna simumupeza. Amafotokoza kuti akazi ovina pansipo ndiwo ankayenera kukhala iye. M'makoma, pakati pa zosema za ma violin, muli biwa ndi ng'oma ya tsuzumi, zoimbira za Chijapani.

Asahi-no-Ma ndicho chipinda cholemekezeka kuposa zonse, momwe atsogoleri amachitiramo zokambirana. Kudenga kuli Aurora, mulungu wamkazi wa m'bandakucha, akuyendetsa ngolo yokokedwa ndi akavalo anayi oyera. M'mbali muli nsanamira 16 za mwala wa mabo wochokera ku Norway, makoma anakutidwa ndi nsalu yolukidwa ku Nishijin ku Kyoto, ndipo kapeti ili ndi maluwa a sakura. Chinatsekedwa kwa nthawi kuti akonze chithunzi chakudengacho, n'kutsegulidwanso mu 2019. Pakhoma pali mutu wa mkango umene maso ake amaoneka ngati akukutsata kulikonse ungaime. Kunja kwa chitseko chake kuli zithunzi ziwiri zazikulu za Koiso Ryohei, ndipo mukasuzumira pansi muona masitepe a kapeti yofiira amene alendo a boma amakwerapo. Inu simupondapo.

Chipinda chimene ndikukupemphani kuti musungire nthawi ndi Kacho-no-Ma, kutanthauza chipinda cha maluwa ndi mbalame. Muno ndi modyeramo pa maphwando a boma, mumakwana anthu 130. Mukachokera m'zipinda zonyezimira zija, muno mumaoneka mwamdima, makoma ake ndi a matabwa oderako, ndipo ambiri amangodutsa. Yandikirani chingwe. M'makomamo muli timbale 30 tozungulira ngati dzira, tojambulidwa mbalame ndi maluwa. Poyamba mudzayesa kuti ndi utoto wa burashi. Ayi, ndi shippo, galasi loperapera lothiridwa pa chitsulo n'kuwotchedwa pamoto kangapo. Mwa nthawi zonse luso limeneli limafuna timawaya tolekanitsa mitundu, koma Namikawa Sosuke anapeza njira yochotsa timawayato kuti mitundu izilowana mofewa ngati nthenga zenizeni. Zithunzi zimene ankatsanzira anajambula ndi Watanabe Seitei. Sankhani kambale kamodzi, muime pomwepo mphindi ziwiri kapena zitatu, muone mmene khosi la mbalame likusinthira mtundu popanda mzere. Golide wa m'zipinda zina mukhoza kukamuonanso ku Ulaya. Izi n'za pano pokha.

Munthu wosathamanga amatha ola limodzi m'nyumba yaikulu.

Chachisanu ndi chiwiri: Yushintei, ngati munasungitsa malo

Fikani pa malo okumanirana nthawi isanakwane, poganizira kuti mzere wa chipikisheni umadya mphindi. Kagulu kakanyamuka sikadikira.

Nyumbayi inamangidwa mu 1974 ndi Taniguchi Yoshiro, pa nthawi imene Murano Togo ankakonza nyumba yaikulu kuti isanduke ya alendo a boma. Pakati pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi chaka chimenecho, nyumba yaikulu ija inali itagwira maganyu osiyanasiyana: inakhalapo laibulale ya nyumba ya malamulo, n'kukhalaponso ofesi ya komiti yokonza masewera a Olympics a 1964. Mlendo woyamba itakonzedwa anali Gerald Ford, pulezidenti wa America, mu Novembala 1974, ndipo chaka chotsatira kunabwera Mfumukazi Elizabeth II. Onse awiri anadzala mitengo ya chikumbutso yomwe ilipobe.

Mu Yushintei mulibe golide. Muli khonde loyang'ana kabwalo ka nsungwi ndi timiyala toyera, chipinda chachikulu cha mphasa za tatami, chipinda chomweramo tiyi chokhala ndi mipando ya alendo osazolowera kugwada, ndi dziwe la nsomba za koi lofika pansi pa mazenera. Dzuwa likawomba pamadzi, kuwala kumavina kudenga. Anamanga dala choncho. Pa dziwe limeneli ndi pomwe Donald Trump ndi Abe Shinzo, nduna yaikulu ya Japan pa nthawiyo, anadyetsera nsomba mu Novembala 2017, n'kukhuthula timabokosi ta chakudya m'madzi, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lonse. Kujambula mkati n'koletsedwa kunonso.

Chachisanu ndi chitatu: mabwalo, kamera itulukeno

Yambani ndi bwalo lakumbuyo. Pakati pake pali kasupe wamkulu wothovola madzi, wozunguliridwa ndi zilombo zamkuwa za mutu wa chiwombankhanga ndi thupi la mkango. Mu 2009 nyumba yaikulu, geti lalikulu ndi kasupeyu zinalembedwa kukhala chuma cha dziko cha gulu lapamwamba, chimene amati kokuho, ndipo inali nyumba yoyamba yomangidwa kuyambira nthawi ya Meiji kulandira ulemu umenewu. Chithunzi chabwino chili kuseri kwa kasupe, madzi ali patsogolo, nyumba ili kumbuyo.

Kenako zungulirani kutsogolo. Imani pakati pa bwalo la miyala, pomwe alendo a boma amayendera perete ya asilikali, muone mmene mapiko awiri a nyumbayi apindikira kutsogolo ngati mikono ya munthu wolandira mlendo. Kwezani maso padenga: mbali zonse ziwiri za khomo lalikulu kuli zida za samurai zamkuwa wobiriwira, zikuyang'ana pansi. Makoma amene mukuonawo ndi a mwala wa granite kunja kokha. Mkati mwake muli njerwa zochindikala zomangidwa pa mafupa a zitsulo, chifukwa Katayama ankadziwa dziko lake. Chivomezi chachikulu cha 1923 chitagwetsa mbali yaikulu ya Tokyo, nyumbayi inaima chilili, ndipo Kalonga Hirohito anakhalamo zaka zingapo pambuyo pake, mpaka 1928.

Pabwalo lomweli pamaima galimoto yogulitsa tiyi, khofi ndi zokhwasula, ndipo pali matebulo a maambulera. Tiyi wamadzulo wa mbale zosanjikiza amene mumamuona pa zithunzi ndi wowerengeka patsiku, amafuna kusungitsiratu. Ndi wokwera mtengo. Kapu ya khofi wamba imakukhazikani pa mpando womwewo, moyang'ana nyumba yomweyo.

Potuluka

Tsikani ndi msewu wa pakati pa mitengo ya paini mpaka pa geti loyera lija. Musanadutse onetsetsani kuti mwabweza kachipangizo ka m'khutu, chifukwa mukatuluka tikiti yatha ntchito. Kutsidya kwa msewu kuli nyumba yopumirako yomwe inatsegulidwa mu 2020, muli zimbudzi, malo omwera tiyi ndi kashopu. Popeza mkati simunajambule, gulani pamenepo mapositikhadi kapena kabuku ka zithunzi za zipinda, makamaka za timbale ta mu Kacho-no-Ma, kuti akunyumba akakhulupirire.

Ngati ulendo wanu ukufika ku Kyoto, kumeneko kuli nyumba yachiwiri ya alendo a boma, yotsegulidwa mu 2005 mkati mwa paki ya Kyoto Gyoen, yomangidwa mwa Chijapani kuyambira pansi mpaka padenga. Nayonso imalandira odzaona, ndipo nayonso imatseka mlendo wa boma akabwera, ndiye kalendala yake muiyang'ane payokha. Kuchokera pa geti loyera kubwerera pa Yotsuya ndi mphindi 5, msewu wake wolunjika.